Nambala Fote Seveni

Ndatsika pa Kulima Tower phazi limodzi likadali m'minibasi,
kondakitala wayamba kale kukuwa Chawama, Chawama,
ngati si iye wandichotsa komweko.
Ndawoloka pakati pa mahutala,
ndazemba wilibala ya kabichi,
mnyamata wa matchaja wandilondola mpaka pangodya.
Chigongono changa chili pachikwama,
m'chikwamamo muli kontena yakale ya ayisikilimu,
yofundabe.

Chitseko chatseguka chokha.
Ndapatuka kupereka njira kwa munthu amene palibe.

Kunja ndi Okutobala, mkati muno ndi Juni.
Cairo Road yatsala kuseri kwa galasi,
magalimoto akungodutsa osatsegula pakamwa.
Mlonda wanding'ambira kapepala.
Lero dzina langa ndi fote seveni.

Ndiye ndaima, ndikuona.
Masoseji alendewera pa ngowe.
Tchizi china chili ndi mabowo, makoswe ayamba kale
koma mtengo sunatsike.
China chachita nkhungu, achiika patsogolo penipeni.
Nyama aidula yopyapyala,
ungawerenge nyuzipepala kudzera m'menemo.
Timaolivi takuda m'mbale tandikumbutsa khola la mbuzi,
koma izi sindinanene mokweza.

Ndipo uyo, kuseri kwa kauntala,
Tikambenji wanga,
kachipewa koyera, epuloni yosita,
Chingelezi chikutuluka mosapunthwa
kwa bambo wa tayi amene sakumuyang'ana n'komwe.
Golovesi yathera padzanja pomwe payambira chipsera.
Anali ndi zaka zisanu ndi zinayi,
chiwaya chinapendekeka pambaula,
ine ndinali kubweza chenji.

Pashelefu yapamwamba pali buledi wamakwinya,
wong'ambika msana, wakuda m'mbali.
Mayi wa magalasi akuti ameneyo ndiye wowawasa,
akuti mtanda wake umagona masiku awiri.
Kwanga mtanda ukasasa ndimalira ufa,
ndimalira shuga, ndimalira makala.
Kuno ausasitsa dala n'kuupatsa dzina.
Ndawerengera mtengo m'mutu:
zitumbuwa makumi asanu ndi anayi,
m'mawa uwiri wa utsi m'maso.

Fote seveni!

"Tikuthandizeni chiyani, mayi?"
Pakamwa ndi pa ntchito, maso ndi a mwana wanga.
Kumbuyo kwake kwaima a Sichone ndi makiyi m'chiuno.
Ndaloza kabanzi kakang'ono kuposa onse.
Wakatola ndi chopanira ngati khala lamoto,
wakakulunga pepala, pepala lina, kenako thumba.
Ndamasula mfundo ya chitenje,
mzere wonse wadikira makobili anga.
Kumsi kwa lisiti walemba ndi bolopeni:
kuseri, wani koloko.

Kuseri kulibe galasi.
Kuli jenereta, migolo ya zinyalala, mphaka wa khutu limodzi
ndi makreti otembenuzidwa.
Watuluka Tikambenji, chipewa m'manja.
Watuluka Yotamu wa ku uvuni, ufa m'zikope,
iye amene amadzuka thuu koloko kukanda buledi uja.
Watuluka mlonda amene anandipatsa nambala.
Ndatsegula kontena.
Palibe chopanira, zala zokhazokha,
mafuta akuyenderera mpaka m'chigongono.
Palibe walankhula mpaka pansi pa kontena paoneka.

"Vitumbuwa vanu, amai," watero Yotamu akunyambita chala,
"mailo mubweretseko sate.
Tizalipila kumapeto kwa mwezi."
Tikambenji waseka atagwira pakamwa,
chipsera chili poyera.

M'minibasi ndamasula thumba, pepala, pepala lina.
Kabanzi kolimba, nsagwada zatopa tisanafike pa Kafue Roundabout.
Koma m'kati mwake n'mofewa, ndisanene bodza,
ndipo kuwawasako kumabwera mochedwa, kenako n'kukhala.
Theka ndalikulunganso.
Madzulo ano nditapa mtanda pang'ono
ndiusiye m'mbale pawindo, ugone masiku awiri,
ndione chimene uchite.
Makumi atatu a Yotamu ndalemba kumsi kwa lisiti,
pansi pa dzanja la mwana wanga.